Galu amene ndinamuyesa coyote

Kumpoto kwa Indiana, kumene ndimakhala, mlimi woweta nkhosa amayamba kusowa tulo nkhosa zikayamba kuswa. Chomusowetsa tulo ndi coyote, chilombo chooneka ngati nkhandwe koma chokulirapo, cha ubweya wotuwa wosakanikirana ndi wofiirira, cholemera makilogalamu 10 mpaka 20. Kale chinkapezeka makamaka m'zigwa zaudzu zapakati ndi kumadzulo kwa America. Anthu atapha mimbulu n'kugwetsa nkhalango, icho chinapeza danga n'kufalikira, ndipo lero chili m'chigawo chilichonse cha United States kupatula Hawaii, ngakhale m'kati mwenimweni mwa mzinda wa Chicago. Pa zilombo zonse zogwira ziweto m'dziko lino, palibe chimene chimapha ana a nkhosa ambiri kuposa chimenechi.

Apongozi anga aamuna ali ndi famu kum'mwera kwa South Bend. Amalima chimanga ndi soya, ndipo kuseri kwa nyumba amaweta nkhosa zimene zimaswa mu Januwale ndi mu Febuluwale, kuzizira kuli pachimake. Akula tsopano, maondo amawavuta, ndipo kukhala pansi pa chipale chofewa kudikira chilombo sangathenso. Chaka chimene coyote anayamba kulowerera kumpanda wa nkhosa ndinadzipereka ndekha kuti ndithandize. Ndinakulira ku Dedza osagwirapo mfuti, koma kuno ndinali nditaphunzira. Ndinachita maphunziro a alenje amene boma la Indiana limafuna kwa aliyense wobadwa chitadutsa chaka cha 1986, ndinatenga layisensi, ndipo ndinkadziwa kuti nyengo yosaka coyote imayamba pa 15 Okutobala n'kutha pa 15 Malichi, komanso kuti mwini malo angathe kumupha pamalo pake nthawi ina iliyonse kapena kulembera munthu wina chilolezo. Apongozi anandilembera. Nawonso aneba a famu yoyandikana anandilola kukhala m'kankhalango kawo ka kumalire, poti coyote ankadutsira momwemo.

Ndatchula zimenezi kuti wina asaganize kuti chinandigwetsa ndi kusadziwa malamulo. Mapepala onse anali bwino. Koma nyengo imeneyo isanathe ndinawombera galu wa aneba omwewo, ndipo galuyo anaduka mwendo. Njira imene inandifikitsa pamenepo inadzera pa zida ziwiri zochalira zimene ndinaika pamfuti motsatizana, chilichonse nditachisankha ndekha.

Mfuti imene apongozi anandipatsa inali ya .223 Remington, yokoka ndi dzanja pa chipolopolo chilichonse. Pamwamba pake panali sikopu yakale yokuza zinthu kanayi basi, yolembedwa 4x32 pambali, utoto utasupuka m'makona. Ndinaiona ngati chida cha makedzana, ndipo sindinachedwe kuimasula n'kuiika m'kabati. Masiku amenewo usiku ndinkaonera mavidiyo a alenje a ku Wyoming ndi ku Montana, kumene dziko ndi lotseguka mpaka pamene maso alekezera, ndipo munthu amagwetsa coyote ali pa mamita 300 kapena 400. Onsewo anali ndi masikopu akuluakulu. Ndinapita kusitolo ya mfuti ndili ndi chithunzi chimenecho m'mutu. Wogulitsa anandifunsa kumene ndikasakire, ine osamva funsolo, ndinangoti ndikufuna yokuza kwambiri imene ndalama zanga zingakwanitse. Sanandinamize, anandipatsa chimene ndinapempha: sikopu ya 6-24x50, yaitali, yolemera, yokhala ndi zopotokola zitatu.

Komatu famu ya apongozi si Wyoming. Kuno minda inadulidwadulidwa ndi mipanda yomera zitsamba, ngalande zakuya zochotsa madzi, ndi tinkhalango ta mitengo ya oak ndi maple. Coyote sayenda pambalambanda ngati pali njira yobisika. Kasakidwe kakenso n'koitana. Umakhala pansi utatsamira mtengo, patsogolo utaika kachipangizo kolira ngati kalulu wogwidwa. Coyote akamva amabwera ndithu, koma kawirikawiri amayamba wazungulira kuti mphepo imubweretsere fungo la chimene chikuliracho. Pamene akutulukira amakhala atafika kale pafupi, pa mamita 20, 30, mwina 50, ndipo amangokupatsa masekondi owerengeka. Nthawi imene amakonda kuyenda ndi chisisira ndi m'bandakucha, pamene maso a munthu amayamba kulephera.

Manambala olembedwa pasikopu amanena zonse kwa munthu wodziwa kuwawerenga, koma ine ndinangowerenga 24. Awiri oyambawo akunena kuti imakuza kuyambira ka 6 mpaka ka 24, ndipo 50 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Mukagawa 50 ndi nambala ya kakuzidwe mumapeza kukula kwa kabwalo ka kuwala kamene kamatuluka kumbuyo kwa sikopu n'kulowa m'diso. Pa 6 kabwaloko ndi mamilimita 8 ndi pang'ono. Pa 24 ndi mamilimita 2 okha. Chonsecho mwanadiso mumdima amafutukuka mpaka pafupifupi mamilimita 7 kwa wachinyamata, n'kumacheperako munthu akamakula. Choncho mukakuza kwambiri pa chisisira, diso limakhala litatseguka lonse koma kuwala kumene likulandira n'kochepa, chithunzi chimada, ndipo mutu ukangosuntha pang'ono mumaona chikuda chokhachokha. Vuto lachiwiri ndi kukula kwa malo ooneka. Sikopu yotere pa 6 imaonetsa malo otambalala pafupifupi mamita 6 pa mtunda wa mamita 100. Pa mamita 25 ndiye kuti mita imodzi ndi theka, pomwe coyote mwiniwake ndi mchira wake amapitirira mita. Ndipo 6 imeneyo ndi nambala yake yotsikitsitsa, yoti simungaichepetsenso.

Madzulo ena mu Januwale ndinakhala m'mbali mwa ngalande, kachipangizo kakulira. Ndinaona chinthu chakuda kumalire a munda, kutali, ndipo ndinapotokola sikopu mpaka pa 18 kuti ndichione bwino. Chinali chitsa. Sindinabwezere. Dzuwa litangolowa, coyote anatulukira m'ngalande kumanzere kwanga, pa mamita 25 kapena kucheperapo, akuthamanga pang'onopang'ono, makutu ali tcheru. Ndinamuona bwinobwino ndi maso anga awiriwa. Nditakweza mfuti anasowa. M'galasi munali mdima, kenako mapesi a chimanga achimbuuzi, kenako chinthu chotuwa chinadutsa. Zinali ngati kufunafuna nkhuku pabwalo ukusuzumira pabowo la bango. Ndinadzutsa mutu kuti ndimupeze ndi maso, ndipo kusuntha kumeneko n'kumene anakuona. Anatembenuka n'kulowa m'ngalande. Coyote woti wamva kulira kwa kalulu n'kupeza munthu sabweranso msanga pa kulira komweko, ndiye ndinali nditamuchenjeza. Patangopita masiku, mwana wa nkhosa wina anapezeka atadyedwa kuseri kwa khola.

Zinandipweteka mtima, ndipo ndinalumpha kuchoka mbali ina kupita ina osaima pakati. Mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, anali msilikali kale, ndipo anandiuza za chida chimene asilikali amachalira nacho pafupi, chotchedwa red dot. Kampani ya Aimpoint ya ku Sweden ndi imene inatulutsa choyamba cha mtundu umenewu mu 1975. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta. Kababu kakang'ono kamaponya kuwala kofiira pagalasi lopindika, galasilo limabweza kuwalako m'diso, ndipo munthu amaona kadontho kofiira kali lende pa chimene akuloza. Sichikuza chilichonse. Umachalira maso onse ali otseguka, umaona munda wonse, ndipo mutu ungakhale patsogolo kapena pambuyo pang'ono, kadonthoko kamaoneka ndithu. Kukula kwa kadontho amakuyeza ndi muyeso wotchedwa MOA, umene ndi pafupifupi masentimita 3 pa mamita 100. Changa chinali cha 2 MOA, kutanthauza kuti kadontho kamaphimba masentimita 6 pa mamita 100, kapena 3 pa mamita 50. Ndinachiika pamfuti, ndinapita kumalo ophunzirira kuwombera masana dzuwa likuwala pa chipale chofewa, ndipo sindinawomberepo mwachangu ndi molondola chonchija. Kuti kadonthoko kaoneke pa kuwala kotero ndinakweza mphamvu yake mpaka pafupi ndi pamapeto.

Ndinabwera nayo mfuti kunyumba kwa apongozi ndili wosangalala. Anaiika paphewa, analoza pakhomo la khola, anayang'ana kanthawi, n'kundibwezera.

"Mwana wanga, kadontho kako kakukuuza pamene chipolopolo chikagwere. Nanga chimene chikuuze kuti chikagwera pa chiyani n'chiti?"

"Ndiona ndi maso, bambo. Ndi pafupi."

"Pafupi masana. Ukapite ukayang'ane khola lomweli dzuwa litalowa."

Ndinavomera mwaulemu koma sindinapite. M'mtima ndinkati akunena chonchi chifukwa ndinachotsa sikopu yawo yakale.

Anali atakhudza penipeni. Chida chochalira chili ndi ntchito ziwiri, kuonetsa pamene chipolopolo chikupita ndi kuthandiza diso kuzindikira chimene chaima kutsogolo. Masana ntchito yachiwiriyi diso limaigwira lokha, moti munthu amaiwala kuti ilipo. Pa chisisira diso limasintha kaonedwe. Timaselo toona mitundu ndi tinthu ting'onoting'ono, timene tinachulukana pakati pa diso, timayamba kulephera, ndipo ntchito imapita kwa timaselo tina toona mumdima, timene sitisiyanitsa mitundu ndipo tili chakumbali. N'chifukwa chake mumdima chinthu chimaoneka bwinoko ukachiyang'ana cham'mbali kusiyana ndi kuchipenyetsetsa. Kuti diso lizolowere mdima pamafunika mphindi 20 mpaka 30, ndipo kuyang'ana foni kamodzi kumabweza zonse m'mbuyo. Red dot siwonjezera kanthu pa zimenezi. Chimene diso silikuona, iyonso sionetsa. Galasi lake analipaka mankhwala obweza kuwala kofiira, ndiye limachepetsako pang'ono kuwala kochokera kunja. Ndipo kadontho koyaka mwamphamvu ya masana, mumdima kamafufuma n'kuthobwa m'maso. Ine ndinali ndi vuto linanso limene sindinkalidziwa. Diso langa lamanja lili ndi astigmatism, kupindika kosafanana kwa kagalasi kakunja ka diso, ndipo kwa munthu wotere kadontho sikaoneka kozungulira, kamamwazika m'mbali. Masana mwanadiso amakhala wamng'ono ndipo vutoli limabisika. Mumdima akafutukuka limaonekera lonse.

Tsiku lenilenilo linali mu Febuluwale, nyengo imene acoyote amakwerana ndipo amayendayenda kwambiri. Kunali mitambo. Chipale chinali chitasungunuka malo ambiri, ndiye kuseri kwa chilichonse kunali dothi lakuda m'malo mwa kuyera kumene kumathandiza maso. Ndinakhala m'mphepete mwa kankhalango ka aneba, nditayang'ana mpanda wa kumalire. Lamulo la Indiana limati wosaka nyama zaubweya dzuwa litalowa azinyamula nyale yoyaka mosalekeza, yooneka pa mafiti 500. Ndinali nako kanyale kofiira pachipewa, koti anthu andione, osati kounikira patali. Tochi yamphamvu inali m'thumba la jekete. Kachipangizo kanalira, n'kupuma, n'kuliranso. Mdima unkakhuthala, ndipo mawu ena mumtima ankandiuza kuti ndinyamuke. Ndinati ndidikire pang'ono, poganizira nkhosa za apongozi ndi manyazi a ulendo uja wa kungalande.

Chinabwera motsatira mpanda, pa mamita pafupifupi 40, mutu uli pansi. Chinaima n'kudzutsa mutu, ndipo ndinaona makutu awiri osongoka. Ndinakweza mfuti. Kadontho kanali pa mphamvu ija ya masana, ndipo kanaphimba chifuwa chonse cha nyamayo ndi kufiira komwazika. Kumbali kwake ndinkangoona chithunzithunzi chakuda. Ndikukumbukira bwino kuti ndinaganiza za tochi, n'kuiopa kuti ithawitsa nyama. Ndikukumbukiranso kuti sindinaone mchira, sindinaone mlomo, sindinaone mtundu wa ubweya. Ndinali nditaitana coyote, chinabwera cha makutu osongoka, ndipo mutu wanga unamalizitsa wokha zotsalazo. Ndinakhethemula.

Kulira kwa galu wovulala aliyense amene anakulira pamudzi amakudziwa. Ndinazindikira ndisanaimirire n'komwe. Ndinathamanga tochi ili m'manja, yoyaka tsopano, ndipo ndinamupeza akudzikwekwereza pansi pa waya, galu wa aneba, wosakanizika ndi mtundu wa German Shepherd, wotuwa, ali ndi lamba wachikopa m'khosi. Ndinkamudziwa. Ankandilandira pageti ndikapita kukapereka moni. Anali pamalo a mbuye wake, atamva kalulu akulira, ndipo anachita zimene galu aliyense akanachita. Chipolopolo chinamugunda mwendo wakutsogolo, m'munsi mwa phewa. Ndinavula lamba wa buluku kuti ndimange mwendowo, iye anandiluma dzanja chifukwa cha ululu, ndipo ndinamukulunga m'jekete n'kumunyamula mpaka pagalimoto.

Mtunda wochoka pamenepo kufika pakhomo la aneba ndi waufupi, koma sindinayendepo njira yolemera ngati imeneyo. Anatsegula bambo a pakhomopo, mwana wawo wamkazi ali kumbuyo kwawo.

"Bambo, ndawombera galu wanu. Ali m'galimoto, akupuma."

Sanakalipe. Anatenga makiyi n'kuuza mwanayo kuti atsale ndi amayi ake. Tili m'njira kupita kuchipatala cha ziweto chotsegula usiku anandifunsa funso limodzi lokha.

"Unamuona?"

"Ayi, bambo. Ndinaona makutu."

Sanayankhulenso mpaka tinafika. Zipolopolo zosakira coyote amazipanga zopepuka, zoti zikagunda ziziphwanyika tizidutswa, kuti chilombo chife msanga komanso kuti chipolopolo chisapitirire kutali. Pafupa la mwendowo sipanatsale choti n'kulumikiza, ndipo dokotala anaudula. Galuyo anapulumuka chifukwa kadontho kofufuma kaja kanandibisira pamene ndinkaloza. Ndikanachalira bwino akanafera pomwepo. M'mawa mwake ndinaimbira woyang'anira nyama zakutchire wa m'dera lathu n'kufotokoza zonse mmene zinayendera. Aneba sanafune kukasuma. Ndalama zakuchipatala ndinalipira ine, pang'onopang'ono. Chimene chimandidzutsa usiku mpaka lero ndi ganizo lina. M'mphepete mwa mpanda womwewo mumadutsa ana pobwera kokasewera, ndipo mwana wowerama pansi pa waya pa chisisira nayenso amaoneka ngati chithunzithunzi chakuda.

Kwa nthawi ndithu sindinaikhudze mfuti. Kenako ndinachita chimene apongozi anandiuza poyamba paja. Akazi anga anadula katoni m'maonekedwe a galu, anaipaka utoto wotuwa, anaimanga lamba m'khosi, n'kukaiimika pampanda pa mamita 40. Ndinadikira kuti dzuwa lilowe, ndilibe mfuti, zida zochalira zokha m'manja. Kutangoyamba kuda zonse zinkaonetsa bwino. Patapita theka la ola, ndi maso okha ndinkaona chinthu chakuda cha miyendo. Pa red dot chimodzimodzi, mwina kuderako pang'ono, ndipo ndikakweza kadontho ngati tsiku lija chinthucho chinkazimiririka. Nditatsitsa mphamvu mpaka pansi penipeni kadonthoko kanachepa n'kusiya kuthobwa, koma lamba sindinamuone. Ndiye ndinatenga sikopu yakale ija ya 4x32 m'kabati. Lamba anaoneka. Makutu ndi mlomo zinaoneka. Kabwalo kake ka kuwala ndi mamilimita 8, kokwanira diso lonse lotseguka, ndipo ngakhale galasi silingawalitse dziko kuposa mmene lilili, likakuza chinthu kanayi diso lofooka ndi mdima limapeza pogwira. Inapitiriza kuonetsa lambayo kwa mphindi zingapo pamene maso anali atagonja kale. Kenako nayonso inagonja, ndipo mphindi imeneyo ndi yoti mlenje azinyamuka.

Coyote ndi galu amasiyana kwa munthu amene akuona. Coyote mlomo wake ndi wowonda ndi wosongoka, chifuwa chake n'chopapatiza, miyendo yaitali, ndipo akamathamanga mchira wake wa nsonga yakuda umakhala cholozera pansi, pomwe agalu ambiri amaukweza. Amayenda mowongoka ngati wodziwa kumene akupita, galu amakhotakhota. Zonsezi ndinkazidziwa usiku uja. Chinasowa ndi chida chondionetsa, ndi mtima wovomera kuti sindikuona.

Munthu akandifunsa lero za kusaka pafupi pa chisisira ndimamuuza kuti asankhe galasi lokuza pang'ono ndipo azilisiya pa nambala yotsika. Masikopu a 1-4x24 ndi 1-6x24 ndi amene ndikuwaona kuti akuyenerera malo ngati athu. Pa 1 amagwira ntchito pafupifupi ngati red dot, maso onse ali otseguka, ndipo ukakaikira umapotokola kufika pa 4, pamene kabwalo ka kuwala kamakhala mamilimita 6, kokwanirabe. Pa 6 kamatsika kufika pa 4 ndipo chithunzi chimayamba kuda. Sikopu wamba ya 3-9x40, imene ili pamfuti zambiri zosakira agwape m'dziko lino, imathanso bwino ikakhala pa 3. Mizere yochalira ikhale yokhuthala, chifukwa yowonda imasowa mumdima. Kampani ya Leupold ya ku Oregon inatulutsa mu 1962 mizere yotchedwa Duplex, yokhuthala m'mbali ndi yowonda pakati, ndipo mpaka lero imatsogolera diso bwino kukamada. Ngati pakati pamayaka, payake mwa mphamvu yochepetsetsa, ndipo muisankhe muli pamalo osakira, kukuda, osati kunyumba masana. Zitsulo zochalira zopanda galasi ndi zimene zimayamba kusowa dzuwa likalowa, poti diso limafunika kugwira chitsulo chakumbuyo, chakutsogolo ndi nyama nthawi imodzi. Red dot sindikuinyoza. Pa chifefe cha 12 gauge, m'tchire lowirira, nyama ili pa mamita 20 kapena 30 kukadali kuwala, ndi chida chabwino. Koma kukada iyende ndi tochi yamphamvu, ndipo tochiyo iyatsidwe chala chisanafike powombera, ngakhale nyama ithawe. Kunyezimira kwa maso pakokha si umboni, poti maso a galu, gwape ndi mwana wa ng'ombe amanyezimiranso akaunikidwa.

Ndi mlamu wanga timatsutsanabe pa nkhani ya zida zoona kutentha kwa thupi. Iye akuti ndikanakhala ndi thermal sizikanachitika, ndipo n'zoona kuti alenje ambiri akuthamangira kumeneko, ndipo zigawo zina zafewetsa malamulo. Kansas inayamba mu 2021 kulola zida zimenezi posaka coyote usiku kuyambira Januwale mpaka Malichi. Ndinayang'anapo m'yake, ndipo n'zodabwitsa mmene nyama imayerera mbee pakati pa mdima. Koma imayera chifukwa ndi yotentha, ndipo galu naye ndi wotentha. Mtundu wa ubweya suoneka, ndipo pa zida zotsika mtengo makutu ndi mlomo zimasungunukira pamodzi mtunda ukatalika. Wozolowera amasiyanitsa poona kayendedwe, koma munthu wamtima wothamanga ngati wanga usiku uja chida chotero chikanangomupatsa chidaliro chochuluka pa chinthu chimene sanachizindikire. Ndinamuuza kuti, "Alamu, inu munaphunzitsidwa kudikira lamulo musanawombere. Ine panalibe wondiletsa." Sanavomereze, ndipo tinasiyira pomwepo.

Nkhosa za apongozi sizinapulumutsidwe ndi mfuti. Boma la America lakhala likupha acoyote pansi pa lamulo la 1931, ndipo nthambi ya Wildlife Services imaphabe masauzande ambirimbiri chaka chilichonse, koma chilombochi chafalikira kuposa kale. Ofufuza anaona kuti kumene acoyote aphedwa kwambiri otsalawo amabereka ana ambiri, ndipo malo osiyidwa amalowamo ena. Kupha kumathandiza ngati waphedwa ndi yemwe uja wazolowera kulowa m'khola. Chaka chotsatira apongozi anagula galu wolondera nkhosa wa mtundu wa Great Pyrenees, wamkulu, woyera, amene amagona pakati pa nkhosazo. Anaika waya wamagetsi m'munsi mwa mpanda, anayamba kutsekera nkhosa zoswa m'khola usiku, ndipo nkhosa ikafa amaikwirira tsiku lomwelo m'malo moitaya kuseri, kumene kunkakhala ngati kuitanira chilombo. Kutayika kwa ana a nkhosa kunachepa kwambiri.

Sikopu ya 4x32 inabwerera pamfuti, ndipo ndimatuluka nayo mwa apo ndi apo, coyote akayamba kuonekera pafupi ndi khola masana. Chilolezo chokhala m'kankhalango ka aneba anandilanda, ndipo anachita bwino. Pamsewu timakwezerana dzanja, koma pageti pawo sindinaimepo chichitikire. Ndisanatuluke ndi mfuti ndimatumiza uthenga pafoni kwa eni mafamu onse otizungulira, kuwauza mbali imene ndikhale ndi nthawi imene ndichoke. Ena amayankha ndi nthabwala, ena sayankha n'komwe. Bambo aja amayankha nthawi zonse, mawu amodzi okha: "Tamutsekera."